Bwato Lopanda Nkhafi

Ndikamachapa matewera a mwana wanga, madzi n'kumakoka nsalu m'manja mwanga, ndimakumbukira Loweruka lina masana, ndili mwana, chitsulo choitanira antchito pa esiteti ya tiyi chitangolira.

Atate anali a mpingo wa Sabata, ndipo anakana kuzula udzu m'damu tsiku limenelo. Kapitawo wawo anawakweza m'bwato mokakamiza, n'kuwalanda nkhafi.

"Kapumire komweko ndi Mulungu wakoyo, mlesi iwe!" anatero, n'kukankha bwatolo ndi phazi.

Linanyamuka ndi liwiro, kenako linayamba kufooka pang'onopang'ono mpaka linaima pakati penipeni. Ine ndinkaganiza kuti madziwo nawonso ndi antchito a kapitawo, wawatuma kuti awagwire atate. Ndinawagenda madziwo ndi miyala uku ndikulira.

"Palasani ndi manja, atate!"

"Dzuwa lisanalowe? Ayi, mwanawe."

Anakhala padzuwa opanda chipewa, othyola tiyi akuwaseka podutsa. Litalowa, anapalasa ndi zikhatho, nafika kumtunda milomo itauma gwa.

M'mawa mwake ndinatenga ndodo n'kukakwapula damulo mpaka mkono unawawa. Lero ndikudziwa kuti madzi amafooketsa bwato lililonse, koma amene anakana kusuntha tsiku lija anali atate.