Dzina la Mtumwi pa Mawu a Diyodoro

Melitina wa ku Tiyatira ankadziwika ndi manja ake. Anali ofiirira mpaka m'zigongono, poti anabadwira m'nyumba yonyika nsalu, nakulira pakati pa mitsuko ya utoto. Bambo ake, a Diyodoro, analibe mwana wamwamuna, choncho zonse anaunjikira iyeyu: kusakaniza utoto, kulimbana ndi ogulitsa ubweya, ngakhale kulemba.

Chaka cha mliri, maliro atachuluka mumpingo, a Diyodoro anali atachita khungu. Anaitana mwana wawo.

"Tenga pepala la gumbwa ulembe. Anthu ataya mtima."

Anayamba kunena zimene anamva ali mwana kwa nkhalamba zomwe zinaonako atumwi, n'kumaonjezapo zawozawo. Melitina ankalemba, mawu akapindika n'kumawongola. Pomaliza anafunsa kuti alembepo dzina la yani.

"Iwe, madzi a pachitsime amakhala ndi dzina? Pinda ukapereke."

Kabukuko kanawerengedwa, alendo anakopera, amalonda anapita nako kutali. A Diyodoro anatsikira kulichete. Melitina anakwatiwa ndi Zotiko, wosoka nsapato wanthabwala, nabereka mwana wamkazi, Nona. Imvi zinayamba kutuluka.

Kenaka kunabwera bwanamkubwa watsopano, ndipo Akhristu anayamba kugwidwa pamsika dzuwa likuswa mtengo. Zotiko anamukwapula mpaka msana kung'ambika. Potsiriza anatapa lubani n'kuponya pamoto patsogolo pa fano la mfumu. Anabwerera kwawo wamoyo, koma nthabwala zinatsala komweko. Pamapemphero ankaima kunja kwa khomo, poti akulu a mpingo anali asanamvane: ena ankati alape abwerere, ena ankati ayi.

M'mawa wina wa tsiku la Ambuye, mkulu wa mpingo, a Atalo, anaimirira atanyamula mpukutu watsopano. Wamalonda wina anali atabwera nawo kuchokera kudoko, ndipo pamwamba pake panali dzina la mmodzi wa atumwi.

A Atalo atangowerenga mizere yoyamba, Melitina anaizindikira. "Nsalu imagwira utoto ikalowa mumtsuko kawiri." Anali mawu a bambo ake enieni. Ankakumbukira pamene bambowo anaima kuti atsokomole, pamene iye anafufuta ndi chala. Milomo yake inkatsogolera wowerenga. Koma atafika pomwe kabuku kawo kanathera, a Atalo sanaleke. Anapitiriza ndi mawu achilendo, ouma gwa: wofukiza lubani kwa fano wadzidula yekha, asalandiridwenso, ndipo wodya naye mbale imodzi ali ngati iye.

Mitu yonse inatembenukira kukhomo.

Melitina anaimirira. "Bambo, pepani. Mawu oyambawo ndi a malemu bambo anga. Ndinalemba ndine, ndi dzanja ili. Otsirizawo munalibemo."

"Tamvani zimenezo!" anatero mayi wina kumbuyo. "Ndiye kuti mtumwi ankadzakopera kwa a Diyodoro, pakati pa mitsuko?"

Ena anaseka, kuseka kosafika pamtima.

"Khalani pansi, mayi," anatero a Atalo. "Tikudziwa chimene chikukupwetekani."

"Kabukuko ndili nako. Ndiloleni ndikatenge."

Anathamangira kwawo n'kubwera nako, kakuda ndi utsi, kodyeka m'mbali. A Atalo sanali munthu wankhanza. Anayala mipukutu iwiriyo pamodzi n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono, kenaka anausa moyo.

"Mawu ndi amodzimodzi, n'zoona. Koma taonani: kanu kalibe mutu, kalibe mchira. Bambo anu anali munthu wabwino, koma ukalamba ndi ukalamba. Ananena zimene anakumbukira, zina zinawathawa. Uwu uli ndi dzina. Nanga kanu n'ka yani?"

Melitina anayang'ana uku ndi uku. Onse amene akanamuikira umboni za chaka cha mliri anali kumanda. Kabuku kake akulu anakasunga, ati kangasokoneze ofooka.

Madzulo Melitina anaika mkate ndi mphodza m'mbale imodzi monga mwa masiku onse. Zotiko anakankhira mpando kumbuyo.

"Amake Nona, musadye nane."

"Inu, mawu aja si a mtumwi. Wawaphatikiza munthu wina wake ndi mkwiyo wake."

"Mukutsimikiza?"

"Oyambawo ndikutsimikiza."

"Nanga otsirizawo? Bwanji ngati mtumwi ananenadi, bambo anu osamva?"

Apo Melitina anaona kuti mwamuna wake wakhulupirira dzina lija kuposa mkazi amene anakalamba naye.

M'masiku otsatira Zotiko anabweza kwa eni ake nsapato zomwe anali asanamalize kusoka. Mipeni yake anainola bwino n'kupatsa mnansi. Ankayang'anitsitsa Nona akamapota ubweya. Melitina ankaona zonsezi, koma ankaopa kufunsa, kuopa yankho.

Tsiku limene bwanamkubwa ankaweruza milandu, Zotiko anasamba, navala mkanjo woyera.

"Ndikafike kumsika kaye," anatero.

Masana Melitina ali pamtsuko anamva phokoso la khamu kuchokera kubwalo. Sanafunse aliyense. Anamva pambuyo pake kuti Zotiko anakaima yekha pamaso pa woweruza n'kunena kuti lubani uja waubweza, iye ndi Mkhristu. Anamupha tsiku lomwelo.

Mpingo unatola mtembo n'kumutcha mboni ya Ambuye. A Atalo anabwera kudzapepesa, misozi ili m'maso, nati mpando wakutsogolo mumpingo ndi wa Melitina. Melitina anathokoza, koma kumpingoko sanapondekonso. Ankapemphera m'nyumba ndi Nona, ndipo sanagwirenso cholembera.

Atakalamba kwambiri, tsiku lina akugulitsa nsalu pamsika, kunafika bambo wina wa mumpingo kufuna nsalu yolimba yokulungira katundu.

"Katundu wanji, bambo?"

"Mabuku a mtumwi, mayi. Takopera ambiri. Ngalawa ikupita nawo ku Roma. Kumenekonso akuti kuli anthu ambiri oima kukhomo, akusowa chochita nawo."

Melitina anakoka nsalu ija n'kuikhalira.

"Iyi sindikugulitsa."

Bamboyo anamuyang'ana modabwa, nasunthira kwa mayi woyandikana naye. Kumeneko anagula, ndipo anapita.