Madzi amene ndinataya pabwalo la alamu anga

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ku Vubwi kuli anthu amene mpaka lero amanena kuti ndinalanda mkazi wa mwini ndi kuwoletsa nshawa za banja lake. Ana athu ayamba kuimva mokhota chomwecho, ndipo sindilola kuti ikhazikike.

Mng'ono wanga, amene anakwatiwa kumeneko, anagwa pangolo ya ng'ombe pochokera kuchigayo n'kuthyoka mkono wamanja pamwamba pang'ono pa dzanja. Kuchipatala anawongola fupalo, namuika chikhakha cha pulasitala, namuuza kuti chisanyowe ndipo chisachotsedwe kufikira iwo atachiona. Inali nthawi yokumba nshawa.

Loweruka lina ndinanyamuka ku Katete, kumene ndimaphunzitsa, kukamuona. Ndinamupeza atakhala pamphasa, mkono uli m'beseni la madzi ofunda. Apongozi ake anali pambali akusema timitengo ta nsungwi, luzi lili pamwendo. Alamu anga, mwamuna wake, anali chiimire ndi mpeni, kudikira kuti chikhakha chifewe.

Ndinagwada ndi kupereka moni kwa aliyense, pakuti ulemu sindinauphunzire kukoleji ayi, ndinauphunzira kwa amayi. Kenaka ndinafunsa chimene chinali kuchitika.

"Chimwala ichi chikumulemera," anatero alamu. "Amayi amumanga nsungwi, zopepuka. Mkucha akhoza kugwira khasu."

"Mwafunsa kuchipatala?"

"Aphunzitsi, pano si pasukulu. Choko mwasiya ku Katete."

Anthu amene analipo anaseka. Mng'ono wanga sanaseke. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti chichotsedwe. Anayang'ana pansi, nati, "Achemwali, mkati mukupwetekabe. Koma nshawa zimera m'nthaka."

Ndinatulutsa mkono wake m'madzimo, ndinanyamula beseni, ndipo ndinakhuthula madzi onse pabwalo. Ena anafika pa nsapato za alamu. Sindinachite dala, koma sindinapepesenso.

"Alamu," ndinatero, "inu muli ndi mikono iwiri yamphumphu. Kodi khasu la pakhomo pano limakana amuna?"

Apongozi ake anati iwo anamanga ana ambiri ndi nsungwi ndipo onse anachira. Sindinawatsutse. Ndinawayankha mwaulemu kuti ana amenewo sanatumidwe kumunda mawa lake. Vuto silinali nsungwi. Vuto linali khasu limene linali kudikira mkonowo.

Ndinauza mng'ono wanga kuti ine ndikubwerera, ndipo ngati akufuna mkono wake anditsate. Sindinamukoke. Anaimirira yekha, natenga chitenje chake. Alamu anakuwa kuti akapita asadzabwerenso.

Chikhakhacho chinali chitafewa kale, chikupindika ngati katoni yonyowa. Kuchipatala anamujambulanso, napeza kuti fupa linali lisanagwirane, ndipo anamuika china. Anakhala kwanga kufikira achipatala anachichotsa okha ndi kamacheka kawo. Mkono unatuluka wowonda, khungu likusupuka, koma wowongoka.

Nshawa zina zinameradi m'nthaka. Zimenezo sindikana. Alamu anakumba zimene anatha, ndipo chaka chimenecho banjalo linagulitsa zochepa. Koma nshawa anabzalanso mvula yotsatira, ndipo amene anabzala ndi mng'ono wanga, ndi dzanja lomwelo. Anabwerera kwa mwamuna wake mwa kufuna kwake, alamu atabwera okha kudzamutenga. Ine alamuwo sandipatsa moni mpaka pano. Ndimawapatsa ndine, ndipo ndidzapitiriza.

Wofuna kunditsutsa akafunse amene analipo tsiku limenelo. Panali mng'ono wanga, alamu anga, apongozi ake, mlongo wa alamu, amene anatenthetsa madzi, mayi woyandikana nawo nyumba, amene anabwereketsa beseni ndipo anaseka koposa onse, mwamuna wa njinga yamoto amene anandibweretsa, natitenganso tonse awiri, ndi ine.