Mabuku Amene Anagwa Kuchokera Kudenga

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhaniyi munena kuti mayiyu wakalamba, wayamba kuthira mchere wambiri m'ndiwo, koma zimene ndikuuzeni pano sindinachite kumva kwa munthu ayi. Zinandichitikira ine ndemwe, masanasana, ndipo chipsera chake chili pamkono wanga wamanzere mpaka lero. Amene akukayika abwere adzachigwire.

Munali m'zaka zija za m'ma 1990, pamene makampani a boma ankagulitsidwa ndipo amuna athu ankabwera kunyumba masana atanyamula jombo za kuntchito m'pulasitiki. Chilichonse chinali pamsika nthawi imeneyo, ukanagona tulo kwambiri ukanadzuka utagulitsidwa ndi mphasa yomwe. Ine ndinali telala, makina anga ndinkaika pakhonde kwathu kumalire a makomboni a Matero ndi George, ndipo zovala za salaula, zija zovalidwa kale zochokera kunja, zitadzaza tauni ntchito yanga inatsala yongofupikitsa mathalauza a azungu aatali miyendo.

Pafupi ndi kwathu panali laibulale yakale, yomangidwa dziko lisanalandire ufulu. Inu ana a masiku ano simungadziwe kuti nyumba imatha kukhala ndi ulemu ngati munthu. Inali ya njerwa zofiira zootcha, makoma ake ochindikala moti ngakhale mu Okutobala, kunja kukuwotcha, mkati munkazizira ngati mumtsuko. Mawindo anali m'mwamba, aatali koma opapatiza, otchingidwa ndi zitsulo, kotero kuti kuwala kunkatsika kuchokera pamwamba ndipo sukanaona za mumsewu ngakhale utasuzumira chotani. Pansi panali simenti yofiira yonunkhira polishi, chitseko chinali cha mlombwa, umene kuno timati mukwa, cholemera chofuna manja awiri, ndipo pakati penipeni panali tebulo lalikulu la mtengo womwewo, limene ankati analipalira mkati momwemo poti silikanalowa pakhomo. Ukangolowa, mawu ankatsika okha.

Woyang'anira nyumbayo anali bambo wina wamfupi, wa jekete imodzimodzi chaka chonse, ndipo tonse tinkangoti bamdala. Munthuyo sankakalipa. Wina akayamba kulongolola, iwo ankangogogoda patebulo lalikulu lija ndi rula yawo yamtengo, ndipo wolakwayo ankadziwa yekha kuti anyamuke pamene wakhala, apite akakhale patebulopo pamaso pawo. Lamulo linali lomwelo basi, kwa mwana wasukulu ndi kwa mphunzitsi yemwe. Nanga ine ndi pakamwa pangapa, mukuganiza kuti ndinkaitanidwa kangati? Koma ndi patebulo lomwelo pamene bamdala anandiphunzitsa kuwerenga, ndili mayi wobereka mwana kumbuyo, wosatha ngakhale kuwerenga khadi la kusikelo. Tsiku limene ndinamaliza buku langa loyamba ndinayenda mukomboni monse ngati ndagula galimoto.

Zinthu zitathina, eni ake a nyumbayo anaidula pakati ndi matabwa, mbali ina n'kuichititsa lendi kwa bambo wina wa Chisilamu, amene makolo ake anachokera ku Malawi, kuti azisungiramo mabelo a salaula. Anali munthu wofatsa, tinkamutcha bamalume. Mashelefu a mbali imeneyo anachotsedwa, ndipo mabuku ake, amene ambiri anali akale a m'Chinyanja, anangosowa. Pasanapite nthawi bamdala anadwala mwadzidzidzi n'kutisiya. Maliro asanazizire n'komwe, mphekesera inali itafika kale pampopi, akuti bamdala banagulisa mabuku yonse kuli bazimai ba vitumbuwa na nshaba kuti bazimangilamo, ndiye kuti azikulungiramo zitumbuwa ndi mtedza. Zinandiwawa kwambiri. Ndinayambana ndi anzanga enieni chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo ndikagula chitumbuwa ndinkayamba ndatambasula pepala lake kuti ndione, koma nthawi zonse inkakhala nyuzipepala kapena kope la mwana wasukulu. Umboni panalibe, koma ndani anatsekapo pakamwa pa komboni?

Kenaka, ndi thandizo la anthu akunja, kunamangidwa laibulale yatsopano kufupi ndi msewu waukulu. Sindiinyoza ayi, inali yokongola, ya mabuloko opaka penti yoyera, magalasi aakulu ngati shopu ya m'tauni, mipando ya pulasitiki, magetsi, mabuku onunkhira utsopano. Koma denga lake linali lalifupi, masana munkawotcha, ndipo uli mkati unkamva mahutala a maminibasi ndi anyamata oitanira anthu, maso n'kumangothawira pagalasi. Ana anathamangirako, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ine ndinkangoti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndiye m'nyumba yakale ija munayamba kumveka zinthu. Kudenga, pamwamba pa siling'i, kunkamveka ngati munthu akukhwekhwereza mapazi, nthawi zina ngati akutembenuza mapepala mmodzimmodzi. Anthu anagamula msanga, akuti ni bamdala babwela kusakila mabuku yamene banagulisa, sibangagone. Owerenga ochepa amene anatsala analeka kubwera, ndipo mayi amene anapatsidwa makiyi ankangotsegula m'mawa n'kukakhala panja. Eni ake atamva anati nyumba yopanda owerenga ilibe ntchito, aigulitsa kwa munthu wina wa bizinesi amene ankafuna kutsegulamo bala. Bala! Patebulo pamene ndinaphunzirira dzina langa azidzaikapo mabotolo, anthu azidzakodza pakhoma lija? Ndinalumbira kuti ine ndili moyo palibe adzanene kuti mulibe owerenga. Masana alionse ndinkatenga zosoka zapamanja, mabatani ndi mipendero, n'kukakhala mkatimo ndekha buku lili chitsegulire pambali. Mwamuna wanga ankandiseka kuti ndalembedwa ulonda wopanda malipiro. Mantha ndinali nawo, sindinama, phokoso lija ndinkalimva ndithu, koma ndinkadziuza kuti ngati ndi bamdala, ine sindinawalakwire.

Tsiku lake linali la mu Febuluwale, mvula itagwa masiku otsatizana mpaka misewu inasanduka mitsinje. Mayi wa makiyi uja anandiuza kuti akuthamangira kwawo poti madzi ayamba kulowa m'nyumba, ndipo potuluka anakoka chitseko mwamphamvu kuti mvula isawombere mkati. Ine ndinakhala pakona yanga ya masiku onse, pansi pa windo, pafupi ndi matabwa a bamalume, chifukwa ndi pomwe pankawala. Ndikusoka batani pa shati yoyera ya mwana wa kasitomala, ndinamva kukhwekhwereza kuja, koma tsikulo kunali pamutu panga penipeni, ndiponso sikunaleke. Kenaka dontho linagwera pashatipo, lofiirira ngati magazi akale. Linagwanso lina. Nditakweza maso ndinaona siling'i yatsika, yafufuma ngati mimba ya mbuzi ya bere, ndipo inkapuma, ndikunena zoona, inkatsika n'kubwerera pang'ono.

Ndinataya shati n'kuthamangira kukhomo, koma mukwa uja unali utamwa madzi n'kutupa, chitseko chinakana ngati achikhomera. Ndinakoka mpaka zala zinachita dzanzi. Ndinayang'ana mawindo aja amene ndinkawatama, ali m'mwamba, ali ndi zitsulo. Makoma aja amene ndinkanyadira kuti salowetsa phokoso, tsopano sankatulutsanso kulira kwanga. Ndinabwerera pakona ija, pansi penipeni pa chimimba chija, poti matabwa a bamalume ndiwo okha anali opyapyala, n'kuyamba kuwamenya ndi manja onse, kukuwa, kuitana bamalume, kuitana amayi anga amene anagona kalekale ku Katete. Mvula inkalindima pamalata moti ngakhale ine mwini sindinkadzimva bwino. Mumtima ndinati basi, ana anga adzanditola pano ngati khoswe.

Ndi pamene ndinamva rula. Musandifunse kuti ndinaimva bwanji pakati pa chiphokoso chonsecho, chimene ndikudziwa n'chakuti inagogoda kumbuyo kwanga, patebulo lalikulu, mosathamanga, mmene inkagogodera ndikalongolola. Sindinaganize chilichonse, pakamwa panatsekeka pokha, miyendo inanyamuka yokha monga inazolowera zaka zonse zija, ndipo ndinayenda kupita patebulopo ngati mwana wolakwa. Pampando wa bamdala panalibe munthu. Ndikungogwira m'mphepete mwa tebulo, kumbuyo kwanga kunamveka kuthyoka kwakukulu, ndipo ndinadziponya kunsi kwake. Thabwa lina la msomali linandipeza pamkono, koma zina zonse zinagwera pakona pamene ndinaima, kenaka kugwako kunayenda kubwera pakati, zinthu zolemera zikugunda pamwamba pa tebulo, di di di, fumbi ndi madzi ndi fungo la nkhungu zili ponseponse. Ndinkayesa njerwa, ndikuti nyumba yonse yatha. Tebulo linanjenjemera koma silinagonje.

Kutakhala bata, chinthu china chinatsetsereka n'kudzaima pabondo langa. Ndinachigwira. Linali buku. Nditasuzumira kunja kwa tebulo ndinaona mulu wofika m'chiuno, mabuku okhaokha, ena okulungidwa bwinobwino m'mapulasitiki a mabelo a salaula n'kumangidwa ndi chingwe, ena omasuka, onyowa, otupa. Pakona panga paja mpando sunkaoneka n'komwe. Ndinalira, koma kulira kwake sikunali kwa mantha okha.

Bamalume anali atamva kugwako. Anazula matabwa ndi chitsulo chotsegulira mabelo, akuitana kuti amai muli moyo, yankhani, ndipo iwo ndi anzawo ogulitsa pakhonde anandikoka n'kundimanga mkono ndi nsalu. Kenaka bamalume anaima chilili kuyang'ana mulu uja, anavula kachipewa kake, n'kunena motsitsa kuti Mulungu atikhululukire, tamunamizira munthu. Anatiuza kuti bamdala asanadwale ankabwera kudzapempha mapulasitiki otsala ndi makwerero, iwo n'kumayesa kuti akumata podontha. Chonsecho munthu wokalamba uja ankakwera yekha, mtolo ndi mtolo, kubisa mabuku amene anauzidwa kuti awataye poti malo atha. Mapulasitiki atamuthera, otsalawo anangowasanja choncho. Imfa inamupeza asanauze munthu, malata anayamba kudontha, chiswe chinadya timitengo ta siling'i, makoswe n'kumayendamo, ndipo ife pansi tinkati mzukwa wa wakuba.

M'mawa mwake dzuwa linatuluka, ndipo zimene ndinaona sindidzaiwala. Nkhani inali itazungulira komboni yonse. Azimayi omwe aja a pampopi anabwera ndi mabeseni, osayang'ana munthu kumaso, n'kumasenza mabuku pamutu. Bamalume anatsitsa madiresi pazingwe zawo kuti tiyanikepo, ena tinayala pamalata a tuntemba, timashopu tating'ono ta m'mbali mwa msewu, n'kutsindira ndi miyala, ndipo ine, ndi mkono umodzi, ndinkasita masamba onyowa ndi simbi yamakala. Abambo ochotsedwa ntchito, akalipentala ndi omanga amene ankangokhala pansi pa mtengo kusewera nsolo, anakwera kudenga n'kupeza kuti mitanda ikuluikulu ili bwinobwino, yangofunika siling'i ndi malata angapo, ndipo anaikonza osapempha kanthu. Ena mwa mabuku anawola, sitikanawapulumutsa, koma ambiri anabwerera pamashelefu. Munthu wa bala uja atabwera kudzayeza nyumba, anapeza khonde ladzaza azimayi atakhala mwakachetechete, mkati ana ali thothotho kuzungulira tebulo, palibe amene anamutukwana, palibenso amene anamupatsa njira. Anayang'ana, anakwera galimoto yake, ndipo sitinamuonenso.

Nyumbayo ilipo mpaka lero. Adzukulu anga amapita ku yatsopano ija poti kuli makompyuta, koma mayeso akayandikira amabwera ku yakale, akuti n'kumene mutu umagwira. Ndikamadutsa pamenepo ndimayenda monyada, sindibisa, chifukwa ndikanamvera mantha bwenzi pano pakulira nyimbo za mowa, ndipo mabuku aja akanagwera oledzera, kapena kutayidwa kudzala bamdala akutchedwabe wakuba.

Mwana wanga wamwamuna, amene anaphunzira kuposa ine, amati chimene ndinamva chinali kamtengo ka siling'i kakuthyoka, kapena madontho akugwera pathabwa. Ndimangomuyang'ana. Rula imene inandiitana zaka zonse zija ndingaisokoneze ndi dontho? Ine ndimakhulupirira kuti bamdala sankasaka mabuku ayi, ankadziwa pamene anawasiya, koma ankadikira munthu mmodzi woti akhale mkatimo mpaka choonadi chitsike, ndipo sakanalola kuti chimuphe. Tsono inu anzanga, musamafulumire kupaka matope munthu amene wagona, poti iye sangabwere pampopi kudzadziyankhira, ndipo nyumba yakale musamaigulitse musanakwere kudenga kukaona chimene akulu anakusiyirani. Ine mpaka lero ndikalowa mmenemo ndimatseka pakamwa ndekha, n'kupita kukakhala patebulo lija osadikira kuitanidwa.