Tsiku limene laputopu yanga inamasulidwa

Chaka chimene ananditumiza kukaphunzitsa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Edingeni, ku mpoto, ndinapeza aphunzitsi atagawanika pawiri. Nkhani yake sinali ndale kapena mpira ayi, koma pulogalamu ya mu kompyuta. Ambirife tinkagwiritsa ntchito ya kampani yaikulu ija, yopezeka mu ofesi iliyonse. Mbali inayo kunali munthu mmodzi yekha, aphunzitsi a sayansi, koma pakamwa pawo panali pa anthu khumi.

"Madamu, muli mu ukapolo chomene," ankandiuza pa tiyi. "Kampani imeneyo ikukudyerani masuku pamutu. Yanga ndi yaulere, ilibe bwana."

Zina ankanena zoona. Laputopu yanga inkayamba kudzikonza yokha ine ndili pa changu, n'kundithera bandulo ya sabata yonse ndisanalembe ngakhale mzere umodzi. Tsiku lina zitandikwana ndinawapatsa kuti aimasule. Anafufuta yakaleyo mosangalala ngati akutulutsa chiwanda, n'kuikamo yawo yaulere ija.

Ndinalemberamo mayeso a Fomu 4. Pasukulupo panalibe pulinta, ndiye Lachisanu ndinakwera matola kupita ku boma, fulashi ili m'chikwama. Ahedi anali atanenetsa kuti Lolemba m'mawa mapepala akhale patebulo pawo, ndipo ine mlendo sindinkafuna kuyamba ndi manyazi.

Mayi wa pa shopu yosindikiza anatsegula mayesowo pa kompyuta yawo, ya ukapolo ija. Mafulakishoni onse anali atasanduka timabokosi, funso lachisanu litakwera pamwamba pa lachinayi. Ufulu wanga unaoneka bwino zedi.

Ndinaimbira foni mpulumutsi wanga, ndipo mwamwayi nawonso anali pa boma pomwepo. Atafika anayamba kaye ndi ulaliki, akuti kampaniyo imachita dala kuti zolembedwa kwina zisamatseguke bwino. Kenako anatulutsa laputopu yawo, n'kuitembenuzira kukhoma, n'kuiyatsa. Kanyimbo ka pulogalamu ya ukapolo ija kanalira, kamene kamalira mu ofesi iliyonse m'mawa. Shopu yonse inamva.

"Iyi ndimangosungira pangozi, madamu," anatero osandiyang'ana. "Mbwenu tiyeni tikonze."

Anakonzadi, funso ndi funso, pa pulogalamu ya mdani wawoyo.

Lolemba mapepala anafika kwa ahedi. Pa tiyi ndinamva aphunzitsi a sayansi aja akuyambanso kulalikira mphunzitsi wa Chingerezi za ukapolo. Ndinangong'ung'udza kanyimbo kaja ndikutakasa shuga, iwo n'kuyamba kukamba za mvula.