Amene Anadya Paketi Yobiriwira

A Tseng Kun-ming anabadwira kumapiri a kum'mawa kwa mzinda wa Hsinchu, kwa alimi a tiyi. Anatsikira m'tauni ali mnyamata, nalowa ntchito pakampani yathu yaing'ono yopanga timabokosi tosungira zithunzi ndi mafayilo a panyumba. Imvi zawamerera ali padesiki lomwelo la pawindo. Tonse timawatchula kuti Akulu Tseng. Salankhulalankhula, ndipo ntchito imene yadutsa m'manja mwawo palibe amaiyang'ananso kawiri.

Ndiwo analemba pulogalamu imene imayenda m'kabokosi monse, kulowa foda iyi, kutuluka, kulowa ina, kuwerenga zili m'menemo. Ikatsegula foda imabwereka malo pang'ono m'memori ya makina, ndipo potuluka iyenera kubweza. Ikapanda kubweza, malo amachepa pang'onopang'ono mpaka makina kuima.

Chaka chimenecho mvumbi unayamba msanga. Makoma ankatuluka thukuta, maambulera osauma. Makina athu oyesera anayamba kuima okha. Pamwamba pawo pankakhala paketi yobiriwira ya zokhwasula, monga pamakina alionse kuno, poti anthu amakhulupirira kuti imachititsa makina kumvera. Palibe amaidya. Koma tsiku lina Lai Pei-shan, amene ntchito yake inali kuyesa mapulogalamu, anaphonya nkhomaliro, naitsegula. M'mawa mwake makina anaima koyamba.

"Mlamu wa makina wafika!" ankakuwa motero Fan wa desiki la pakhomo, Pei-shan akamalowa. "Lero wadya chiyani, mayi? Tibise mawaya?"

"Choka iwe, pamimba ngati ng'oma," ankayankha Pei-shan, akuseka nawo.

Pei-shan anagula paketi ina, kenako ina. Makina ankaimabe. Kuseka kwake kunayamba kuchepa. Abwana Hsu sakhulupirira za mapaketi, koma nawonso anayamba kunena kuti mwina Pei-shan amakonza molakwika makina oyesera, ndipo zikapitirira amuchotsa pantchito yoyesa.

Akulu Tseng anakayikira pulogalamu yawo mvumbi usanathe. Anaiyendetsa pakompyuta yawo akuyang'ana nambala ya memori. Inkakwera, osatsika. Anapanga mafoda wamba ambirimbiri, nambala inakhazikika. Anapanga mafoda okhoma, amene pulogalamu siloledwa kuwerenga, ndipo nambala inathamanga. Anatsegula mizere imene analemba kalekale, napeza malowo: pulogalamu ikakanizidwa kuwerenga foda, inkalumphira kutsogolo osabweza chimene yabwereka. Kale makasitomala analibe mafoda okhoma ambiri. Pei-shan, pofuna kuyesa bwino, ndiye anali atawachulutsa pamakina oyesera sabata lomwe anadya paketi lija.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi. Koma aliyense wosintha pulogalamu dzina lake limaonekera, pamodzi ndi chifukwa chake. Akulu Tseng anaulemba mzerewo, nausiya pakompyuta yawo osautumiza.

Dzuwa la chilimwe linabwera, nyenje zikulira m'mitengo ya panja. Namondwe anadutsa, nagwetsa zikwangwani. Ine ndimakhala moyang'anana nawo, ndipo ndinkaona kuti Fan akayamba nthabwala zake, iwo ankanyamula kapu yawo ya tiyi, kupita kukaima pamasitepe. Mpunga wawo ankausiya theka.

Mphepo youma ya Okutobala itayamba kuwomba, abwana Hsu analengeza pamsonkhano wa Lolemba kuti Pei-shan asamukira kugawo loyankha mafoni a makasitomala. Akulu Tseng anaimirira. Makutu awo anali ofiira.

"Abwana, vuto ndi langa. Pulogalamu yanga sibweza memori ikakumana ndi foda yokhoma. Mzere wokonzera ndili nawo."

Anautumiza pomwepo. Tinayendetsa makina tonse tikuona. Nambala inakwera, inatsika, inakwera, inatsika.

"Basi, zatheka!" anatero abwana Hsu, akuomba m'manja. "Akulu Tseng satigwiritsa mwala. Pei-shan, khala pomwe uli."

"Ndiye kuti paketi ija inafera za eni," anatero Fan. Anthu anaseka.

Pei-shan sanaseke. Anayang'ana Akulu Tseng.

"Akulu, mwazipeza liti?"

Akulu Tseng akanatha kunena kuti dzulo, ndipo palibe akanatsutsa. Anayang'ana patebulo.

"Nthawi ya mvumbi, mlongo wanga."

Panja mphepo inkagwedeza chitseko cha pakhonde.

"Nthawi ya mvumbi," anabwereza Pei-shan. "Amayi anga anapita kukachisi kukandipempherera, akuti mwina chaka chino ndili ndi tsoka."

"Pepa."

"Mukawauze nokha. Amagulitsa zakudya zam'mawa kuseri kwa siteshoni."

Loweruka Akulu Tseng anavala malaya oyera, nagula bokosi la mapeyala, nakwera njinga yawo yamoto kulowera kusiteshoni. Pamalo a amayi a Pei-shan anapeza mzere wa ogula uli wautali. Anaima kumapeto kwake, bokosi lili m'manja, kudikira kuti afike kutsogolo.