Mimba ya Nsalu

Achemwali anga akhala ali ndi pakati kwa zaka zisanu ndi ziwiri, kawiri pa mwezi. Musadabwe. Amanyamuka Lolemba ali owonda ngati ndodo ya mopu, kuwoloka malire kukaoda nsalu, n'kubwera Lachitatu ali otopa, mimba ili patsogolo. Nsalu khumi ndi ziwiri amazikulunga m'chiuno m'chimbudzi cha pa depoti ya tsidya lija, kumanga ndi lamba, pamwamba diresi lalikulu. Zotsala m'chikwama ndi zimene amaonetsa a kasitomu. Ine ntchito yanga ndi kuwamasula kuseri kwa benchi yathu mumsika.

Mimba yeniyeni ndiyo inkakana. Alamu anga, amene ntchito yawo ndi kutchaja foni ndi kufunsa kuti basi ifika nthawi yanji, ankati vuto ndi maulendo. Apongozi a achemwaliwo ankati mkazi woyenda ndi madalaivala a mathiraki sasunga kanthu m'mimba. Ankanena zimenezi atavala nsalu yochokera pamimba pomwepo.

Chaka chatha zinatheka. Achemwali anandiuza monong'ona tikupinda katundu, misozi ili chuchuchu. Ndinati basi, maulendo athe.

"Ndisiye ndiye tidye chiyani? Foni ya alamu akoyo?"

Anangosiya kukulunga. Anayamba kuwoloka mwachilungamo, katundu yense m'chikwama, msonkho kulipira, risiti m'manja.

Pachipata paja pali bwana wina wa kasitomu amene amayi a geni anamupatsa dzina loti Chala. Pakhoma analemba bwinobwino kuti mkazi azisechedwa ndi mkazi mnzake. Mkazi wosechayo palibe anamuonapo, akuti amakhala ali ku semina. Kachipinda kosechera kali ndi tebulo, mpando umodzi wa Chala yemweyo, ndi loko, chinthu chokhacho chimene sichinawonongekepo pamalopo.

Mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, Chala anawaimitsa.

"Lero mwanyamula zingati, mayi?"

"Bwana, ino ndi yeniyeni. Buku la sikelo ili."

"Mabukuwa amagulitsa pa depoti. Lowani."

Anaikanya mimba ija ngati munthu wosankha mapeyala, uku ndi uku, mpaka mwana anamumenya kadzanja. Nsalu sanaipeze. Koma bwana sachita manyazi yekha, ndiye anawaimika panja padzuwa mpaka basi inawasiya, ati aphunzire kusataya nthawi ya boma. Achemwali anabwera pa thiraki, atakhala pamwamba pa matumba a simenti, msewu wake wa makumbimakumbi uja. Magazi anayamba asanatsike. Anali mwana wamwamuna, anabadwa atafa kale. Ndinamuona ndine, chifukwa alamu anga foni inali itatha moto.

Ndinakwiya mpaka kudwala, ndipo mkwiyowo sunathe mpaka lero. Apongozi anangoti, "Si ndinanena ine za mathiraki?" Ndinapita ku ofesi kukadandaula. Anandilandira mwaulemu, kundipatsa fomu, n'kundiuza kuti pakufunika siginecha ya mkazi wosecha amene analipo tsikulo.

Patatha milungu itatu benchi yathu inali mbee. Achemwali anatenga lamba wawo n'kukakwera basi, ine ndikulalata kumbuyo. Lachitatu anafika pachipata ndi nsalu khumi ndi zisanu m'chiuno.

Chala atawaona anadzuka msangamsanga. Mimba imeneyi anali ataitsimikiza yekha ndi manja ake, ndipo munthuyu ntchito yake amaikhulupirira.

"Apatseni njira mayiwa, simukuona kuti atopa?" Anawakokera mpando wake uja, kuwasainira pepala osatsegula n'chikwama chomwe. "Ndiye mlendoyu tikumuyembekezera liti?"

"Posachedwa, bwana."

Madzulo ake ndinawamasula. Nsalu ziwiri zapamwamba zinali zitanyowa ndi mkaka, ndipo banga lake linakana kuchoka. Tinazigulitsa motchipa.