Nsomba za a Kizito Sizikula

A Kizito anabwera kuno ku Biriwiri ngati mkamwini chaka chimene tinayamba kuvotera zipani zambiri, atatopa ndi mafamu a ku Joni. Katundu wawo anali wailesi, jekete yachikopa ndi luso lolumikiza mapaipi. Anakwatira a Lufina, namanga nyumba pamalo a kuchikazi. Monga mkamwini wodziwa mwambo, sanadzalepo mtengo ngakhale umodzi. Ukadzala mango pamudzi pa eni, amati wayamba kuwerengera malo.

Nsomba anayamba kuweta imvi zitamera kale. Dziwe sakanakumba, nthaka si yawo, komanso kumapiri kuno madzi timachita kulimbirana ndi kabichi. Anagula matanki atatu apulasitiki n'kuwakhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba. Madzi ochoka kwa nsomba amadutsa mu mgolo wa miyala, mchenga ndi makala, kenako kapampu ka sola kamawabwezera m'thanki atayera. Madzi omwewo, kumangozungulira tsiku lonse. Ife tinkaseka kuti nsomba za a Kizito zimasamba m'beseni. Tinasiya kuseka atayamba kutigulitsa nsomba za makumba.

A Lufina anamwalira dzinja lina, ana atabalalika kale m'matauni. Titameta maliro, akuchikazi anakhala pansi kuti awasudzule bambowo, abwerere kwawo ku Kandeu. Kumeneko a Kizito analibe ngakhale khola la nkhuku, ndipo onse owadziwa anali kumanda. Zinandiwawa kuona munthu wamkulu ali pamkeka, chipewa pabondo, akumuuza za ulendo.

Wolankhula anali a Benson, mlongo wawo wa malemu, munthu wouma pakamwa.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Takumasulani."

"Ndamva," anatero a Kizito. "Koma nsomba zikadali zazing'ono. Pa ngolo sizingafike, zifera m'njira."

"Zikula liti?"

"Zikakula ndikuuzani."

Akuluakulu anaona kuti n'zomveka. Munthu sumuchotsa mbewu zake zisanakhwime.

Chimene sanachiganizire n'chakuti a Kizito sakolola matanki onse pamodzi. Nsomba za mu thanki yoyamba zikamagulitsidwa, za mu yachiwiri zimakhala zili pakati, mu yachitatu atangothiramo tiana. Pakhomopo sipanasowenso nsomba zazing'ono. A Benson ankabwera mwa apo ndi apo, manja kumbuyo, n'kusuzumira m'thanki ya tiana.

"Zikadali?"

"Zikadali, alamu."

A Benson ankagwedeza mutu ngati odandaula, n'kubwerera ndi makumba awiri m'jumbo.

Chaka chatha a Kizito anagonekedwa kuchipatala ndi chibayo. Pampu inatsekeka ndi ndere, madzi anaima, ndipo ife oyandikana nawo sitinadziwe kuti kukhala chete kwa kapampuko ndi vuto. Pobwera kuchipatalako a Kizito anapeza nsomba zonse zikuyandama chagada. Anakazikwirira okha kudimba, anatsuka matanki, n'kuyamba kumanga mapaipi m'mitolo. Chowasunga pamudzi chinali chitatha, ndipo tonse tinadziwa.

Mawa lake a Benson sanaoneke. Mkuja wake anatulukira pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze, akuchokera kuchigwa kwa alimi a maiwe, pakaliyala atamangapo ndowa yophimba ndi chitenje. Moni sanapereke.

"Thirani madzi umu," anatero akuloza thanki.

A Kizito anatunga, nathira. A Benson anakhuthuliramo tinsomba tosaposa chala cha khanda, n'kupukuta manja pa buluku.

"Izi zikakula, alamu, muzipita."